Za kitsune wakoyo

Aise,

Kuno tili bho, kaya iwe ndi kuzizira kwa ku Leeds ko. Ndiye wati anzako a Lachisanu aja akuyamba kampeni ya Pathfinder, gemu ya pa tebulo ya madayisi yomwe aliyense amasewera ngati character wa m'nthano, ku Tian Xia, dera la mu gemumo lotengera ku Asia, ndipo iwe mtima uli pa kitsune, nkhandwe yosanduka munthu, ukufuna ndikuuze ngati ili dhilu yabwino. Tenga, sindikuletsa. Koma chonde usakamusewere ngati munthu wamba amene angomumata makutu ndi mchira, ambiri amatero ndipo zimandibowa kwabasi.

Buku la malamulo limangokupatsa thupi basi. Mu edishoni yoyamba ija kitsune amalandira +2 pa Dexterity (changu cha thupi), +2 pa Charisma (chikoka), -2 pa Strength (mphamvu), ndi mphamvu yosanduka munthu, koma nkhope yake imodzi yomweyo nthawi zonse. Palinso feat, luso lapadera lochita kusankha, ya Magical Tail yoti utha kuitenga mpaka ka 8, ukaitenga mchira wina umamera ndi kamatsenga kake mpaka michira ikwane 9. Zokoma ndithu. Koma ku Japan komwe zachokera izi, nkhandwe imeneyi ili ndi mbiri yake yaitali. Zina ndi atumiki a Inari, mulungu wa mpunga, nchifukwa chake pa kachisi wa Fushimi Inari ku Kyoto pali ziboliboli za nkhandwe mbwee, zina zitaluma kiyi wa nkhokwe, ndipo anthu amati zimakonda aburaage, tofu wokazinga uja. Ndiye pali zakutchire zosatumikira aliyense, zimasanduka mkazi wokongola nkukwatiwa ndi munthu, ana nkubadwa, moyo nkumayenda bwinobwino mpaka tsiku lina galu wapakhomo amulumphira, mayi uja ndi mantha nkubwerera kukhala nkhandwe pamaso pa mwamuna wake, basi ulendo wakuthengo. Gemu ili pamenepo aise. Character wako ali ndi chinsinsi choti chikaululika wataya zonse, amadana ndi agalu, sakonda kuima pafupi ndi madzi kuopa kuti chithunzithunzi chake chimuyalutsa, akamwa mowa amadziletsa poti mchira umatuluka akaledzera. Ukamanga pa zimenezo ngakhale dayisi ikukane usiku wonse udzasangalalabe.

Ngati ukufuna woipa weniweni werenga za Tamamo-no-Mae, wa michira 9, amene amati anadwalitsa mfumu Toba ya ku Japan kenako ataphedwa anasanduka mwala wa poizoni ku Nasu. Mwala umenewo, Sessho-seki, unang'ambika pakati mu Malichi 2022 ndipo anthu pa intaneti anachita nazo nthabwala kuti mayi aja athawa. Ingosankha dziko limodzi koma, osasakaniza. Kumiho wa ku Korea amadya chiwindi cha anthu, huli jing wa ku China ndi uja amamunamizira kuti analowa mwa Daji, mkazi wokondedwa wa mfumu, nkugwetsa ufumu wa Shang. Onsewa ndi nkhandwe koma khalidwe ndi losiyana.

Kusakaniza kumeneko ndi matenda akale a magemuwa. TSR, kampani yomwe inkapanga gemu ya Dungeons & Dragons (D&D), itatulutsa buku la Oriental Adventures mu 1985 inabweretsa hengeyokai, nyama zosanduka anthu, mphaka, nyani, nkhandwe, ngakhale nsomba, zonse mtundu umodzi, ndipo Japan ndi China anangoziphatikiza ngati ndi dziko limodzi. Paizo, kampani yopanga Pathfinder, yachitako bwino, mabuku a Tian Xia a 2024 analemba nawo anthu ambiri ochokera ku Asia komweko ndipo zimaoneka ukamawerenga. Mmenemo ndi mmene muli tanuki, amene kunena zoona ineyo ndikanasankha kuposa kitsune wakoyo. Ndi kanyama kenikeni ka ku Japan, kooneka ngati galu, koma m'nthano ndi chidakwa chosangalala, chimaimba mimba yake ngati ng'oma, chimaika tsamba pamutu nkusanduka ketulo, chimagula mowa ndi masamba ooneka ngati ndalama, mwini bala amadzazindikira mmawa. Ndipo nthawi zambiri bodza lake limamubwerera yekha. Kalulu wakonko ndi wochenjera ngati wathu yemwe, m'nthano ina anamumiza tanuki m'bwato la dothi. Pa tebulo character wotere ndi amene amaseketsa anthu mpaka GM, woyendetsa gemu, kuiwala zimene anakonza.

Mnzako uja wati akufuna tengu, munthu wooneka ngati mbalame, muuze aonetsetse kuti sakusokoneza ndi kenku, munthu-mbalame wa mu D&D. Kenku wa m'buku la Volo's Guide la 2016 samatha kulankhula zake, amangobwereza mawu amene anamvapo, zoseketsa tsiku loyamba koma kenako aliyense amatopa nazo, ndipo mu 2022 lamulo limenelo analichotsa. Tengu weniweni ndi wa m'mapiri, wodzikuza, katswiri wa lupanga. Amati mfumu yawo Sojobo ndi imene inaphunzitsa Yoshitsune, ngwazi yakale ya ku Japan, kumenya nkhondo pa phiri la Kurama, nchifukwa chake tengu wa mu Pathfinder amabadwa akudziwa kale malupanga.

Vanara yekha ndiye muyende naye mosamala. Pa pepala ndi nyani wodziwa kukwera wokhala ndi mchira wogwira zinthu, koma amachokera mu Ramayana, buku lopatulika la achihindu, ndipo Hanuman, yemwe ndi vanara, anthu akumupembedza lero lino, ku Leeds komweko akachisi achihindu alipo. Ngati pagulu lanu pali wachihindu mufunseni kaye musanayambe nthabwala za nthochi.

Chomaliza, kambirana ndi GM pambali isanayambe session yoyamba, mugwirizane kuti ndani akudziwa kuti ndiwe nkhandwe. Ine ndimaona kuti zimakoma osewera anzako akamadziwa koma ma character awo asakudziwa, apo aliyense amathandiza kukoka nkhani mmalo moti iwe uzingopatsirana timapepala ndi GM ena akuyasamula. Ukamaliza kudzaza sheet ya character wako unditumizire pa WhatsApp ndione, ndipo undiuze ngati mukusewera edishoni yoyamba kapena yachiwiri poti manambala ndakupatsawo ndi a yoyamba. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako uja wa ku Zomba.