Kalata kwa akhristu onse: mauthenga a mankhwala a Covid-19

Okondedwa mwa Ambuye, abambo, amayi ndi achinyamata,

Mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu m'miphakati yathu yonse, ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Chiputula mpaka ku Luwinga.

Chisanu cha Mzuzu chafika, ndipo chifuwa ndi chimfine zayamba kulowa m'makomo. Pa WhatsApp nawonso mauthenga ali yakaliyakali, akuti akatswiri apeza mankhwala oti ukawaphatikiza amapha kachilombo ka corona ka mtundu watsopano. Ena mwandifunsa ngati mugule. Musagule.

Kafukufukuyo alipodi, ndipo ndi ntchito yoyenera kuipempherera. Kachilomboka kamasinthasintha: tinamva za Beta, kenako Delta, kenako Omicron amene analengezedwa ku South Africa mu Novembala 2021. Mu labotale akatswiri amaika maselo amoyo m'timbale ting'onoting'ono, n'kuthiramo kachilombo. M'kambale kena amaikamo mankhwala amodzi, m'kena awiri, n'kuona pamene kachilombo kaleka kuswana. Remdesivir ndi molnupiravir amasokoneza kachilombo pamene kakudzichulukitsa, pomwe nirmatrelvir amakaletsa kudula zipangizo zimene kamadzimangira nazo. Kakamenyedwa mbali ziwiri n'kovuta kuti kazolowere mankhwala. Ife Amalawi nzeru imeneyi tinaiphunzira ndi misozi. Chloroquine anatha mphamvu mpaka dziko linamusiya mu 1993, ndipo LA amene timamwa lero tikadwala malungo ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi. Ma ARV otchedwa TLD ndi mankhwala atatu m'piritsi limodzi.

Koma kambale kalibe chiwindi, kalibe impso, sikadwala shuga. Hydroxychloroquine anaonetsa mphamvu m'timbale, dziko lonse n'kusangalala, koma atayesedwa pa odwala ambirimbiri ku Britain mu 2020 sanachepetse imfa. Lopinavir ndi ritonavir, amene ena mwa ife timawadziwa ngati ma ARV, anayesedwanso, osathandiza. Amene anapulumutsa odwala opuma ndi makina anali dexamethasone, mankhwala akalekale otchipa, ndipo ngakhale iwowo ndi a munthu wogonekedwa m'chipatala, osati wa chimfine cha kunyumba.

Pa ritonavir mundimvetse bwino, chifukwa apa ndi pamene pangapwetekeke munthu. M'mankhwala a Paxlovid, amene analoledwa ku America mu Disembala 2021, muli nirmatrelvir ndi ritonavir. Wina akangowerenga zimenezi amaganiza kuti ma ARV a mnzake angachize Covid. Ayi. Ritonavir salimbana ndi corona m'pang'ono pomwe. Ntchito yake ndi kuchedwetsa chiwindi kuti chisafulumire kuchotsa nirmatrelvir m'magazi. Koma chiwindi chomwecho chimachedwanso kuchotsa mankhwala ena amene munthu amamwa kale, monga ena a mtima ndi a BP, ndiye amachulukana m'thupi mpaka kusanduka poizoni. Amene akumwa rifampicin wa TB sapatsidwa Paxlovid n'komwe. Abale amene muli pa ma ARV, musagawire munthu aliyense, ngakhale mwana wanu. Mukagawa, inu mudumphitsa masiku, kachilombo kanu kapeza mpata, iyenso osachira.

Ena amati kupita kuchipatala n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Mulungu atamva pemphero la mfumu Hezekiya, mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachithupsa chake. Tidzakupemphererani, koma titakuperekezani kwa dokotala.

Choncho agogo, amayi oyembekezera, a shuga, a BP ndi a mphumu, mukatentha thupi kapena kubanika musadikire Lamulungu kuti tikuoneni. Mankhwala olimbana ndi kachilombo amagwira bwino m'masiku asanu oyamba. Pitani kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central, mutanyamula kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale azitsamba, kuti adokotala awaone. Madikoni a m'mphakati uliwonse athandize amene alibe ya thiransipoti. Amene mukutsokomola mukhale pafupi ndi zenera, ndipo mazenerawo tizitsekula ngakhale kukuzizira, bwerani ndi majuzi.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu.

Ine mbusa wanu.