Ndiulule za mng'ono wanga wa ku Joni kapena ndikhale chete?

Azakhali,

Ndithandizeni maganizo chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndili ndi mng'ono wanga amene adapita ku Joni mu 2021. Mutaona tsamba lake la Facebook mungati ndi bwana wamkulu: lero watsamira BMW makiyi ali m'manja, mawa watchena suti pa Nelson Mandela Square ku Sandton. Pamalo polemba ntchito adalembapo kuti ali ndi kampani ya mathiraki. Kwathu kuno ku Balaka aliyense amangoti mwana uja zake zidayera.

Ine ndimachita geni yokaoda katundu ku Johannesburg, ndiye ndidakamuona. Adandichingamira pa Park Station n'kupita nane ku Diepsloot, m'kachipinda ka malata momwe amagona ndi anzake atatu. Ntchito yake ndi yotsuka magalimoto. BMW ija ndi ya kasitomala, suti ija ndi yobwereka. Masiku 30 omwe adamudindira m'pasipoti pa chipata cha Beitbridge adatha kalekale, moti akangoona galimoto ya apolisi mtima umakhala m'mwamba kuopa kukatsekeredwa ku Lindela, komwe amasunga alendo opanda mapepala asadawabweze kwawo.

Musandimve molakwa, sindikumunyoza. Kutsuka magalimoto ndi ntchito ndithu, ndipo kangachepe komwe amatumiza pa Mukuru ndi komwe kakugulira mayi athu feteleza chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Nditamufunsa chifukwa chomwe amadzionetsera chonchi, adangoseka n'kunena kuti, "Achimwene, ndani amajambulitsa umphawi? Anthu akadziwa kuti ndimagona m'shaki andiseka kuti ndidapitiranji." Ndidamumvera chisoni. Kutchena ndi kulota zazikulu n'kwake ndithu kuyambira ali mwana, koma zina zonse zili patsambapo si iyeyo.

Zikadathera pa zithunzi ndikadangozisiya. Koma pano wapalana ubwenzi ndi mtsikana wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wa kupulayimale, yemwe adadziwana naye pa Facebook pomwepo. Sadaonanepo maso ndi maso. Akafuna kumuimbira pa vidiyo ya WhatsApp amayamba walowa m'galimoto ya kasitomala. Mtsikanayo akuti chinkhoswe chikangochitika mu Disembala asiya ntchito ya boma n'kumutsatira. Taganizani, Azakhali, kusiya ntchito ya penshoni masiku ano!

Tsopano mng'ono wangayo wandipempha kuti ndiperekeze malume athu kukaonekera kwa makolo a mkaziyo, ndipo wandilumbiritsa kuti ndisatulutse mawu. Akuti mtsikanayo akadzafika ku Joni adzamufotokozera yekha, chikondi chidzakonza zonse. Malumewo sadziwa kanthu, nawonso amakhulupirira za mathiraki zija. Mtsikanayu adayamba kale kunditchula kuti alamu, ndipo tsiku lina adandifunsa kuti nyumba ya ku Sandton ili ndi zipinda zingati. Ndidanamizira netiweki n'kudula foni.

Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ndikaulula ndikudziwa kuti mng'ono wanga adzandida, mwinanso mayi adzati ndi nsanje. Koma ndikakhala chete, mwana wa eni ake akakafika ku Diepsloot adzati tonse kubanja kwathu tidapangana zomupusitsa.

Ndiyambire kwa malume, ndimuuze mtsikanayo mwachindunji, kapena ndimupatse mng'ono wangayo tsiku loti akhale ataulula yekha, apo ayi ine sindipita nawo ku Ntcheu?

Ine wothedwa nzeru,
Balaka