Zikomo kwa a kugalaja amene anatikonzera galimoto yogonamo

Kwa a Manijala ndi amakaniko nonse,

Ndikhulupirira muli bwino kuntchitoko. Ife kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, tili bwino, kungoti mvula yake sipumira. Kalatayi ndailemba m'Chichewa dala, podziwa kuti achimwene a ku Dedza amene amagwira ntchito kwanuko akuwerengerani n'kukumasulirani. Chingerezi ndimalankhula tsiku lonse kuntchito, koma chikafika pothokoza chimandithera m'kamwa.

Mwina mwandiiwala, popeza magalimoto olowa pageti panu ndi ambiri. Ndine bambo uja ndinabwera kumayambiriro kwa Disembala ndi Fiat Ducato yoyera, yakalekale, yogona anthu anayi, nkhope ili gwaa, ndikunena kuti amene anandigulitsa anandidyera masuku pamutu. Chinachitika n'chakuti Loweruka lina mu Novembala tinakagona usiku umodzi kufupi ndi nyanja ya Loch Lomond kuti tiiyese. Kutacha tinapeza madzi onse a m'boyila yotenthetsera madzi atatayikira pansi, chitofu cha gasi chikutulutsa kalawi ngati ka kandulo yakutha, mawindo akuchucha madzi chamkati. Mayi a kunyumba sananene kanthu. Anangondiyang'ana, ine n'kudziwiratu kuti ndalama zonse zija zayamba kuwerengedwa.

Mukanafuna mukanandigulitsa boyila yatsopano tsiku lomwelo, ndipo ndikanalipira ndi manja awiri. Koma bambo achikulire a ndevu zoyera aja anandigwaditsa pansi, n'kutsegula kabokosi kakunsi kwa mpando, n'kundilozera kavalavu ka boyila ya Truma kotchedwa FrostControl. Anati kameneka kamadzitsegula kokha kuzizira kukafika cha m'ma 3°C ndipo kamataya madzi dala, chifukwa madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, zomwe zimang'amba boyila ndi mapaipi. Kalinso ndi mwano wake: sikalola kutsekedwa mpaka pamalopo patafunda kupitirira 7°C. Ndiye ku Loch Lomond kuja ine ndinkakadinikiza ndi chala mpaka chikhadabo kuwawa, ndikukatukwana, pomwe iko kanali katandipulumutsira boyila. Anandiuza kuti ndiziyamba ndayatsa hita, m'nyumbamo mufunde, kenako nditseke kavalavuko, ndiyeno ndithire madzi. Sanangonena, anandichititsa ndekha kawiri iwo ataima chapatali, manja m'thumba.

Za gasi nazo zinandichititsa manyazi. Ine ndinkadziwa kuti gasi ndi gasi basi. Silinda imene ndinali nayo inali ya buluu, ya butane, yomwe imasiya kusanduka mpweya kuzizira kukayandikira 0°C, moti umatha kuigwedeza n'kumva kuti ndi yodzaza koma moto osayaka. Munandisinthira ndi yofiira, ya propane, imene imagwirabe ntchito mpaka cha m'ma -42°C, n'kusinthanso kapaipi kolumikizira kuti kagwirizane nayo. Mtengo wake unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndinkaopa.

Koma chimene chandichititsa kukhala pansi n'kulemba kalatayi ndi nkhani ya mabowo. Pofuna kuti ana asazizidwe, ndinali nditatseka mabowo onse olowera mphepo: ena ndinamata ndi tepi, lapansi pa chitofu ndinatsindiramo sokosi yakale. Ndinkadzitama nazo ndithu. Achimwene a ku Dedza aja atatulutsa sokosiyo sanaseke. Anaiika patebulo, n'kundifunsa m'Chichewa ngati kwathu sindinamvepo za anthu amene amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda mwezi wa Juni, n'kutseka chitseko ndi mawindo, m'mawa osadzuka. Ndinangoti kakasi. Nkhani zoterozo tonse tinakula tikuzimva, ndipo mayi anga sankalola mbaula kugona m'nyumba ngakhale chisanu chitavuta bwanji. Ine ndemwe ndinali nditakonzera ana anga chipinda chotero, kungoti cha matayala. Anandifotokozera kuti mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu, ndiponso kuti mabowo apansiwo ali ndi ntchito ina: gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho akadontha amatsikira pansi n'kutulukira pamenepo. Munandiikira alamu pafupi ndi pogona ana, munayeza mapaipi onse a gasi, ndipo munandionetsa potulukira utsi wa boyila m'mbali mwa galimoto kuti ndizichotsapo chipale chofewa chikaunjikana.

Pa matayala pokha ndiye munandipweteka m'thumba, ndisabise. Anayi onse atsopano, a m'nyengo yozizira, a chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kaduwa ka chipale pakati. Ndinayesa kunenerera kuti akale aja anali asanathe, mizere yake inali yoposa mamilimita 1.6 amene lamulo limafuna, koma munati nkhani si mizere yokha, labala ya matayala wamba imauma kukazizira kutsika pa 7°C ndipo sigwira msewu. Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Batire ya magetsi a mogonamo munaiyeza n'kunena kuti idakali bwino, ndisataye ndalama, ndipo zimenezi zinandibweza mtima pang'ono.

Ulendo weniweni tinanyamuka Khirisimasi itangodutsa. Tinadzera msewu wa A9, ndipo pokwera Drumochter, pamtunda wa mamita pafupifupi 460, chipale chinayamba kugwa mopingasa, mapiri osaoneka. Pamenepo ndi pamene ndinasiya kudandaula za ndalama za matayala. Galimoto inkayenda mwakachetechete ngati ikuponda ufa, koma sinaterereke. Tinafika ku Aviemore 4 koloko isanakwane, kunja kutada kale, mwana wamng'ono akufunsa ngati nthawi yogona yakwana.

Tinakhala masiku anayi pakampu ina chakufupi ndi kumeneko. Usiku wachiwiri kachipangizo kathu koyezera kuzizira kanaonetsa -8°C. Kwa anthu a kumeneko si nkhani, pajatu ku Braemar, tsidya lina la mapiri omwewo a Cairngorms, kunafikapo -27.2°C mu 1982. Koma kwa ine amene kuzizira kwanga kwakukulu kunali kwa ku Zomba nthawi ya chiperoni, kunali kokwanira. M'galimotomo tinagona ndi bulangete limodzilimodzi, hita ikulira pang'onopang'ono. Thanki ya madzi akuda, imene ili kunja pansi pa galimoto, ndinaisiya yotsegula n'kutchera ndowa monga munanenera. M'mawa uliwonse ndinkakhuthula chimwala cha madzi oundana chooneka ngati ndowa yomweyo, ana n'kumachigubuduza mpaka chisweke. Anzathu oyandikana nawo, Azungu obadwira konkuno, paipi yawo yotayira madzi inaundana, sinki osatsika. Ndinapita kukawafotokozera za ndowa ngati katswiri wa zaka zambiri, osawauza kuti nzeruzo ndinali nditangozitola kwa inu masabata atatu apitawo.

Pena pake sindinakumvereni, ndivomere. Munandichenjeza kuti magetsi a pakampu ndi ochepa, ena amapereka ma ampu 16, ena 10 okha, ndiye ketulo ya kunyumba ndiisiye. Ine ndinainyamulabe. Ma ampu 10 ndi mawati 2,300, ketuloyo payokha imafuna 3,000. Nditangoiyatsa magetsi onse anathima, ndipo ndinatuluka ndi tochi, nditavala jekete pamwamba pa zogonera, kukafufuza switchi pamtengo wa magetsi uku mayi a kunyumba akuseka pawindo. Kuyambira pamenepo tiyi tinkaphika pagasi.

Chinyontho sichinatheretu. Chophimba chakunja cha galasi lakutsogolo chimene munatigulitsa chinathandiza kwambiri, ndipo kawindo kapadenga tinkakasiya kotsegula mpata wa chala chimodzi, komabe anthu anayi akamapuma usiku wonse, kuphatikizapo nthunzi ya nsima, m'makona mwa mawindo mumakhalabe madontho. Tinkangopukuta ndi kansalu m'mawa. Ana iwo za chinyontho analibe nazo ntchito. Anakaona mphalapala za kumalo ozizira zimene zakhala zikuwetedwa m'mapiri amenewo kuyambira 1952, anaponda mchenga wa m'mbali mwa nyanja ya Loch Morlich utauma gwa ndi chisanu, ndipo zithunzi zinafika kwa agogo awo ku Zomba tsiku lomwelo. Agogowo anangofunsa kuti anawo tawalakwira chiyani.

Titabwerako ndinachita zonse zimene munandilembera pakapepala kaja. Ndinakhuthula thanki ya madzi abwino ndi boyila, mipopi yonse ndinaisiya yotsegula chapakati pa otentha ndi ozizira, paipi ya shawa ndinaigoneka pansi, silinda ndinatseka, makushoni ndinawaimika kuti mphepo izidutsa. Kapepalako ndakamata kuseri kwa chitseko cha kabati.

Ndibweranso mu Malichi kuti mudzaone chitseko chakumbuyo chimene chayamba kulira chikamatsekedwa. Mayi a kunyumba akuti adzanditumiza ndi tiyi wa ku Thyolo wa nonse, ndi ufa pang'ono wa achimwene a ku Dedza. Sokosi ija musataye ngati ikadalipo, inzake ili kuno.

Ine wanu,
Mwini Ducato yoyera ija
Glasgow