Mapointi a bonya

Nangozo mnzanga,

Kalata yako inafika Lachiwiri pamodzi ndi nsapato zija. Nsapato zikomo, ngakhale yakumanzere ikundiluma kachala, moti ndikumaivala kutchalitchi kokha kumene munthu umakhalitsa pansi. Koma mawu amene unalemba kuseri kwa pepala aja sindinakukhululukire. Ine ndikuuze kuti mzime wanga wakhoza fomu 4 ndi mapointi 17, nkhuku ziwiri zafa, amayi a Mvano onse adziwa, iwe n'kuyankha kuti mapointi a masiku ano ndi a bonya, ongowola ndi manja pamsika? Iweyo? Wa mapointi 34?

Usakane, ndinalipo. Pepala la zotsatira zako lija unalipinda kanayi n'kulibisa m'Baibulo la amayi ako, ndipo sindidzaiwala kuti unaliika pa buku la Maliro. Masamu unapeza 8, ndipo 8 yemweyo unachita kumuvinira pabwalo ngati wapha mkango. Lero poti uli ku Leeds, ukumwa tiyi wopanda shuga mwadala, wasanduka nduna ya zamaphunziro.

Apongozi nawo anandimaliza. Nditawauza kuti mwana wapeza 17 anagwira chibwano, akuti, "17 yokha? Pepani amayi, musamukalipire, abwereze chaka chamawa." Ndinayesa kuwalongosolera kuti ku fomu 4 amawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino, kuti 1 ndiye pamwamba, 9 ndiye kugwa, moti wanzeru kwambiri amapeza 6. Anangoti boma lasokoneza zonse, ngakhale kuwerenga komwe. Nditawauza za 34 wako anati, "Ameneyo ndiye anali mwana." Ndiye uli nayo mboni imodzi, ya zaka zopitirira 80.

Masiku atatu ndakhala ndikukangana nawe chamumtima, posesa, pochonga makope, mpaka bambo a kunyumba kuno afunsa ngati ndayamba kucheza ndi mizimu. Tiye tiwerenge bwinobwino. Sitandade 8 yathu ya 1988 tinalimo 63, ndikukumbukira chifukwa ndinkaitana mayina ndine aphunzitsi athu a Mento akachedwa. Zotsatira zitafika kwa ahedi, osankhidwa kupita kusekondale munali awiri, iwe ndi Kadzidzi. Awiri basi. Enafe ambiri tinakhoza ndithu, koma malo kunalibe. Ine ndinabwereza kawiri ndisanagonje n'kupita ku MCDE, sukulu ija ya osasankhidwa. Wamtali analemba kasanu, ndevu zitamera kale, komaliza analembera dzina la mng'ono wake, osasankhidwabe. Ndipo 63 ameneyo anali otsalira kale. Sitandade 1 tinayamba tili chigulu chosakwana m'tchalitchi muja tinkaphunziramo. Ena inawathamangitsa fizi, ena yunifomu, ena anatsatira makolo kuesiteti kukasoka fodya. Najere ankatiposa tonse pa mento, iwe ukudziwa, koma mimba itangooneka mu sitandade 7 anamuchotsa, ndipo nthawi imeneyo ukachotsedwa motero ndiye kwatha. Zoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu zinabwera mu 1993, iye ali kale ndi ana atatu. Sukulu ya nthawi ya Kamuzu inali lichero. Inkapeta, ife n'kumatama mphale yotsalamo, gaga wagwa pansiyo osamuwerenga. Iwe unali mphale, n'chifukwa chake ukuikumbuka mokoma.

Koma ndisaname, pali pamene mawu ako andilasa, mwina n'chifukwa chake ndapsa mtima chonchi. A Muluzi atangolowa mu 1994 n'kunena kuti pulayimale ndi yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha. Aphunzitsi akanachokera kuti? Anatola ife. Ine ndi JCE yanga yowerengera pa koloboyi, anandiphunzitsa masabata awiri ndi timasiku, n'kundipatsa choko, rejisita ndi mtengo wa mango. Bolodi tinkalitsamiritsa pathunthu, mphepo ikawomba linkagwera ana akutsogolo. Sikimu sindinkaidziwa mutu wake, lesoni pulani ndinkakopera ya Nachisale usiku. Chizungu chimene ndinaphunzitsa chaka chimenecho, Mulungu andikhululukire. Maphunziro enieni a uphunzitsi, a MIITEP aja, ndinakawapeza patapita zaka, ana oyambirira atadutsa kale m'manja mwanga. Ena mwa ana amenewo lero ndi aphunzitsi, wina ndi wachiwiri kwa ahedi pompano, ndiye amandisainira sikimu. Tsono ukamati maphunziro analowa pansi, dziwa kuti mmodzi mwa amene anagwira khasu pokumba dzenjelo ndi ine mnzako. Komabe ukandifunsa ngati zikanakhala bwino ana ajawo akanatsala kumudzi kumaweta mbuzi, pakamwa pamandilemera.

Chaka chino ndili sitandade 2, m'rejisita muli 126. Ndikamamaliza kuitana mayina phala limakhala litazizira. M'kalasi ya chaka chatha munali kamtsikana kena, kaukhondo, kokhala kutsogolo, zolemba zake ngati zotayipa. Kankakopera zonse za pabolodi osaphonya ngakhale kadontho. Tsiku lina ndinaloza liwu m'kope mwake momwe, lakuti "mbuzi", ndikuti tawerenga apa. Kanandiyang'ana, kanayang'ana liwulo, kanamwetulira. Kankangojambula zilembo monga tinkapetera maluwa pa nsalu ya patebulo. A Mento akanakagwira sabata yoyamba, ndi ndodo yawo ija. Ine ndinakagwira teremu yachitatu, mwangozi. Pano kali sitandade 3, chifukwa ndikanati ndibweze onse otero, chaka chino ndikanawakhazika pati? Kakandiona kamandithamangira kudzandilandira chikwama, ine manyazi.

Kunena a Mento, tinawaika mwezi watha. Ndimayesa mlamu wako anakuuza. Anadwala masiku anayi okha. Bokosi anagula Wamtali, yemwe uja ankamukwapula tsiku ndi tsiku chifukwa cha tebulo ya 7, pano ali ndi malole awiri otuta kachewere ku Lizulu. Ife ophunzirafe tinasonkha ya shuga ndi masamba. Usiku pasiwa tinayamba kukumbutsana za chigoba cha nkhono chija ankatikoleka m'khosi tikayankhula Chichewa, tinaseka mpaka amfumu anatitumizira munthu. Shuga amene ndikunenayu, Nangozo, mtengo wake usandifunse. Ndiye Nachisale beseni langa la buluu limene ndinapititsa kumaliroko sanabwezebe. Ndaliona ndi maso angawa pathandala pake, iye akuti n'lofanana chabe. Lofanana mpaka pamene ndinamatapo ndi pulasitiki yosungunula? Zaka zonsezi ndimamulemekeza chifukwa cha malesoni pulani aja, koma ngongole imeneyo ndikuona kuti yathera pa beseni.

Tibwerere kwa bonya wako. Ngati mayeso anafewa, bwanji zaka zino okhoza fomu 4 amangopitirira theka pang'ono? Chaka cha korona chija, sukulu zitatsekedwa kuyambira Malichi mpaka Seputembala 2020, mayeso anabooka, mapepala akuyenda pa WhatsApp ana asanalowe m'holo. MANEB inawaimitsa mu Novembala, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Anakhoza 41 pa 100 alionse. Mwana wa achimwene anali m'gulu limenelo, kulemba kawiri, kugwa kamodzi, mpaka lero mawu akuti mayeso safuna kuwamva. Za kubera ndikuvomera, zilipo, koma usayerekeze kunena kuti likasa linabwera ndi foni. Ndani uja pa moko ya sitandade 8 analemba zaka za Hisitole pantchafu ndi bolopeni, n'kumakweza diresi pang'onopang'ono, podziwa kuti woyang'anira ndi bambo, sangayerekeze kusuzumira? Dzina sinditchula. Ali ku Leeds.

Chimene chimanditopetsa ine n'kusinthasintha. JCE anaichotsa, omaliza analemba mu 2016, ati ikudya ndalama. Mu 2021 inabwereranso. Wachitatu wanga anadutsa fomu 2 osalemba, mzime analemba, nyumba imodzi malamulo awiri. Fizo ija inkatiliza anaing'amba pakati, pano Physics payekha, Chemistry payekha. Koma ku CDSS kwa mzime, m'zipinda zomwe zija zinali za MCDE yathu asanazisinthe dzina mu 1998, labu kulibe. Maikulosikopu anaigwira koyamba kutatsala masabata awiri kuti alembe, atawatengera kusekondale ina kukabwereka. Kuyenda wapansi m'mawa uliwonse, pobwera atunge madzi, aphike, usiku awerenge ndi tochi ya foni yanga mpaka batire lithe. 17 amene ukumuwola ndi manjayo anamupeza choncho.

Chizungu chokha ndikupatsa, ndisakhale wokanika. Kalata yofunsira ganyu pa sitolo ina mzime ndamukonzera katatu. Iwe ndi 34 wakoyo unkalemba kompozishoni yoti ahedi ankaiwerenga pa asembule, ife nsanje ili tho. Awa akamalemba pafoni ngakhale Chichewa chomwe zilembo zimathawamo, "zikomo" amangoti zkm, ngati zilembozo amachita kugula.

Tsono ndapanga chonchi. Mu envulopu muno ndaikamo pepala la Masamu limene analemba mzime. Ine ndinaliyesa Lachisanu usiku magetsi atazima, ine amene MSCE ndinachita kuilembera panja kawiri ndili kale pantchito. Funso loyamba ndinalidziwa nkhope, dzina ndinaliiwala. Lina linali la manambala otsekeredwa m'khola ngati nkhumba, ati uwachulukitse ndi a khola linzake. Ndinafunsa logi tebulo, mwana kuseka mpaka misozi, akuti amayi zimenezo zinapita ndi Kamuzu, n'kundipatsa kakyuleta wa mabatani ngati chimanga pachitsononkho. Ndinayankha mafunso atatu. Awiri ndinalakwa, lachitatu akuti yankho lili bwino koma njira yake sakuidziwa.

Malamulo ako ndi awa. Ukhale patebulo, foni upereke kwa amuna ako, iwowo ndiye oyang'anira mayeso, ndipo uvale buluku kuti ntchafu zisagwire ntchito. Mwana wako wa kuyunivesite uja asayandikire, ngakhale kudzakupatsa madzi. Maola awiri. Ukamaliza utumize ndi mlamu wako pa Khirisimasi, ndidzachonga ndekha ndi bolopeni yofiira, zotsatira ndidzakalengeza ku Mvano pambuyo pa nyimbo yachiwiri, ndipo apongozi ndidzawafotokozera mwa njira yoti ulendo uno amve. Wamtali wavomera kale kudzakhala mboni, akuti wakhala akudikira tsiku limeneli kuyambira 1988. Ukapezanso 8 uja ndidzakuphera nkhuku, ukabwera udzavine pabwalo pomwe paja. Ukapeza 9, bonya udzagula ndiwe, wa mudzi wonse.

Kuseka ndikuseka, koma tulo sindikupeza. Nthawi yathu yunivesite inali imodzi, ukasankhidwa boma linkakudyetsa, kukugoneka, n'kukupatsanso kandalama ka sopo. Pano za boma zilipo zisanu ndi imodzi, kota anaithetsa mu 2020, komabe ana okhoza bwino achuluka kuposa malo. Mzimeyu mtima uli pa unamwino ngati iwe, akulota KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, kumene akufuna sayansi yomweyo ya maikulosikopu yobwereka. Akamusiya ndidzamuuza chiyani, abwereze monga ananenera apongozi? Ndikamuyang'ana akutsuka mbale ndimaona Najere, sindikudziwa chifukwa chake, mwana alibe vuto lililonse. Akamutenga ndiye kwinanso, fizi, pogona, chakudya, ndipo ngongole ya boma si aliyense amaipeza. Bambo a kunyumba kuno shuga wawakwereranso, bala la kumwendo lija silikupola, Lachinayi tikubwerera kuchipatala. Za feteleza chaka chino tisakambe n'komwe.

Pepala likutha, ndipo ili ndachita kung'amba pakati pa kope la sikimu, mwana wanga wa pansi pa mango uja akaona andifunsa. Pali kanthu kamene ndimafuna ndikupemphe kuyambira pamwamba paja, ndiye ndataya masamba anayi ndikukunyoza, pano poyambira pandisowa. Akuti masiku ano mwana wa kukoleji popanda laputopu sizitheka, ndiye ndimati mwina kumeneko, zakale zimene anthu amataya, ngakhale yosweka pakona bola ikuyaka, kapena ngati mwana wako uja ali ndi ina imene

Malo atha. Moni kwa onse. Nsapato ija ndi saizi 6, ine ndimavala 7.

Ndine mnzako,
Namaseko