Mgwirizano wodyetsa ziweto pa malo a eni uzilembedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mikangano ya msipu m'madera a Lilongwe monga Mitundu, Nsaru ndi Malingunde, komwe malo ambiri amene kale ankadyetsako ng'ombe za mudzi wonse tsopano ali ndi eni ake. Mwini malo akalola mnzake kudyetsa ziweto mongogwirizana pakamwa, mlandu umabuka ng'ombezo zikalowa m'dimba la woyandikana naye, kapena mvula ikayamba mu Novembala zisanachotsedwe m'munda.

Ndikupempha kuti mgwirizano wotere uzilembedwa ndi kusainidwa pamaso pa anyakwawa ndi mboni. Chikalatacho chitchule chiwerengero cha ziweto, malire, miyezi yodyetsera, malipiro, kaya ndi ndalama kapena manyowa, ndiponso yemwe adzalipire mbewu zikaonongeka. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chilolezo chikakhalitsa, ana a mwini ng'ombe amayamba kuyesa malowo awo, makamaka makolo onse awiri akamwalira, choncho chikalata chinene momveka kuti kudyetsa sikupereka umwini. Popeza lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola anthu kulembetsa malo awo, alangizi a zaulimi aphunzitsenso alimi kalembedwe ka mapangano amenewa.

Mlimi wokhudzidwa,
Mitundu, Lilongwe