Za Obasanjo ndi mpando wonona

Chilomoni, Blantyre

Achimwene,

Chithunzi chija chinafika. Mwaima pa chipata cha laibulale ya Obasanjo ku Abeokuta mutavala mkanjo wa ku Nigeria, mimba patsogolo ngati malowo ndi anu. Alamu anu akuti mpunga wa kumeneko wakuyanjani. Ife kuno tilipo, kungoti chiperoni chatikwana. Sabata yonse ino phiri la Michiru silikuoneka, ndipo anapiye anga ndikuwaothetsa mbaula usiku chifukwa magetsi akumathima nthawi yomwe afuna.

Mwafunsa kuti mkuluyu, Olusegun Obasanjo, mtsogoleri wakale wa Nigeria, ndimamuona bwanji. Funso lanulo ndinapita nalo pa bawo Lamulungu, pansi pa mtengo wa mango paja, ndipo masewera anaima. Pali bambo wina wopuma ku usilikali amene timasewera naye. Iyeyu atangomva dzinalo anaika nkhomo zake pansi nati, "Msilikali sapuma, amangovula yunifolomu." Ndinamutsutsa, koma pobwerera kunyumba mawuwo anali akundilirabe m'khutu.

Taonani mmene munthuyu anayendera. Analowa usilikali mu 1958, ndipo ntchito yomwe anaphunzira kwenikweni inali ya uinjiniya, ya misewu ndi milatho. Nkhondo ya Biafra, dera lomwe linkafuna kudzipatula ku Nigeria, itabuka mu 1967 sanali iye wotchuka. Wotchuka anali Benjamin Adekunle, amene ankatsogolera gulu la asilikali a boma la Nigeria lotchedwa 3rd Marine Commando. Zinthu zitavuta, mu 1969 gululo analipereka kwa Obasanjo. Pofika Januwale 1970 Ojukwu, mtsogoleri wa Biafra, anali atathawira ku Côte d'Ivoire, ndipo amene anatsala, Philip Effiong, anagonja pamaso pa Obasanjo asanapite kukatsiriza mwambowo kwa Gowon, mtsogoleri wa Nigeria, ku Lagos. Ena amati anangofika pokolola pomwe olima anali ena. Mwina n'zoona pang'ono. Koma chimene sindiiwala pa nkhondo imeneyo ndi ana a ku Biafra, mimba zotupa, tsitsi lofiira, atatsekeredwa chakudya. Anthu oposa miliyoni imodzi anafa, ambiri ndi njala osati chipolopolo. Munthu aliyense amene dzina lake linakwera pa nkhondo yotere, ine ndimamuwombera m'manja mosamala.

Mpando woyamba sanaufune ndi pakamwa pake. Murtala Mohammed, amene ankalamulira Nigeria panthawiyo, anamuwombera m'galimoto lake ku Lagos pa 13 Febuluwale 1976, ndipo Obasanjo monga wachiwiri wake anatenga udindo. Apa ndi pamene ndimamuvulira chipewa. Mfuti zonse zinali m'manja mwake, ndalama za mafuta zikulowa, palibe amene akanamukankha. Koma pa 1 Okutobala 1979 anapereka boma kwa Shehu Shagari, munthu wamba wosankhidwa ndi anthu, iye n'kupita ku famu yake ku Ota kukaweta nkhuku. Kumbukirani kuti chaka chimenecho ife kuno tinali pa ulamuliro wa wamuyaya, tikuyenda ndi khadi la chipani m'thumba kuti tilowe mumsika. Zoti mtsogoleri angadzuke n'kunena kuti ndakwana, tengani, tikanazimva ngati nthano ya kalulu.

Monga mlimi mnzake wa nkhuku ndimamumvetsa pang'ono. Nkhuku sizidziwa kuti unali jenerale. Ukachedwa ndi chakudya zimakulalatira basi.

Kenako Sani Abacha, msilikali amene ankalamulira dzikolo, anamutsekera m'ndende mu 1995 pomuganizira kuti akukonza zolanda boma. Anatuluka mu 1998 Abacha atafa, ataonda, akulankhula za Mulungu kwambiri. Chaka chotsatira anapambana chisankho pa tikiti ya chipani cha PDP, ndipo mu 2003 anapambananso. Zabwino anachita, sindikana: mu 2005 anakambirana ndi Paris Club, gulu la maiko olemera okongoza ndalama, mpaka anakhululukira Nigeria ngongole ya madola 18 biliyoni. Koma m'chaka chake choyamba chomwe, Novembala 1999, achinyamata atapha apolisi ku Odi, anatumiza asilikali ndipo tauniyo inasanduka phulusa. Bambo wa pa bawo uja atafika pamenepa anangondiyang'ana, osanena kanthu, n'kupitiriza kutakata.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndi cha 2006. Anthu ake anabweretsa bilu yosintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Nyumba ya Senate inaikana m'mwezi wa Meyi chaka chimenecho. Iye mpaka lero amakana kuti sanafunepo teremu yachitatu, amati zinali za anthu ena. Achimwene, ife a Malawi nyimbo imeneyo timaidziwa. Mukukumbuka 2002, mmene tinkakhalira pa wailesi kumvera Nyumba ya Malamulo pa bilu ya a Muluzi ija, yomwe inaperewera mavoti ochepa chabe? Mukukumbuka maliboni ofiirira omwe anthu ankabaya pa malaya, ndi mahutala a magalimoto pa Chipembere Highway? Nawonso ankati ndi anthu akufuna. Ndiye ndikamaona munthu yemweyo, amene anasiya mpando ali ndi zaka za m'ma 40 mfuti ili m'manja, akuvutika kuusiya ali nkhalamba yovala agbada, mkanjo wa ku Nigeria uja, ndimaona kuti mnzanga wa pa bawo sanalondole kwenikweni. Atavala yunifolomu anatuluka yekha pakhomo. Anachita kumuonetsa khomo atavala zachiwamba, atazunguliridwa ndi andale omuuza m'mawa uliwonse kuti popanda iye dziko ligwa.

Ndinamuuza zimenezi mnzangayo ndipo anavomera theka. Anandikumbutsa, monyadira ndithu, kuti asilikali athu mu Disembala 1993 analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani n'kubwerera okha ku Kamuzu Barracks, osakhudza State House. Pamenepo tinagwirizana, ndipo anandidya nkhomo zonse za mzere wakutsogolo ndili chitsegulire pakamwa.

Mkuluyu sanakhale chete. Makalata ake odzudzula apulezidenti omwe iye mwini anathandiza kukweza mumawaona kumeneko kuposa ine. Mu 2022 ndiye anatsogolera zokambirana za ku Pretoria zomwe zinaimitsa nkhondo ya ku Tigray, ku Ethiopia. Msilikali wa pa nkhondo ya Biafra kukhala nkhoswe ya nkhondo ya anzake, zimenezo ndimazilemekeza, ngakhale ndimadzifunsa ngati ana otupa mimba aja amamubwerera m'maganizo akakhala pa tebulo lotere.

Mukadzadutsa ku Ota mundifunsireko kuti thumba la chakudya cha nkhuku akugula bwanji kumeneko, chifukwa kuno mtengo ukukwera mwezi ndi mwezi ndipo ndatsala pang'ono kumazipatsa madeya okha. Mayi anu ndinawaona ku tchalitchi, ali bwino, koma akudandaula kuti foni mukuimba mwa apo ndi apo. Mkanjo uja mudzabwere nawo wina wa saizi yanga, wopanda malo a mimba.

Ndine mnzanu wa pa Chilomoni.