Mbewa za chaka cha njala zindidetsa nkhawa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za mbewa, ndiwo imene ena amachita nayo manyazi pagulu, koma basi ikaima pamsewu wa M5 ndi omwewo amatulutsa dzanja pawindo kufuna mpani. Ine ndakulira kwa Khombedza kuno ku Salima, ndipo khasu lokumbira mbewa ndinaligwira ndisanayambe sukulu. Kapuku, jugu, nsana, mphoni, zonsezi ndimazidziwa.

Chandilembetsa kalatayi ndi chimene ndinaona mu 2024, chaka chija El Niño anawotcha chimanga chisanamasule, boma n'kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chaka cha mvula yabwino, kapuku wa m'munda mwa mtedza ukamutumbula, mafuta amachita kumata zala, ubweya uli see. Koma chaka chimenecho mdzukulu wanga anabwera ndi mbewa zodzaza kachitini, zonse zoonda, ubweya uli nyankhalala, utitiri ukuyenda m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Titatumbula, m'matumbo mwa zingapo munali njoka zopyapyala ngati ulusi, ndipo chiwindi cha imodzi chinali ndi timatuza toyera. Yachiwindiyo tinataya. Zinazo tinadya, chifukwa ndiwo ina panalibe.

Zinandikhala pamtima mpaka mwana wa mchemwali wanga, amene anaphunzira za ziweto, anandimasulira. Anati, "Amalume, asilikali a m'thupi amapangidwa ndi chakudya, makamaka chomanga thupi. Mbewa ikasowa chimenecho, njoka zimapeza khomo lotsekula." Anandiuzanso za akatswiri a pa University of Edinburgh ku Scotland amene ankathira chakudya chabwino m'nkhalango kuti mbewa zakutchire zizidya. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinasonyeza kuti mbewa zodya bwino zinali ndi njoka za m'mimba zochepa, ndipo ngakhale mankhwala a njoka ankagwira bwino ntchito mwa izo kusiyana ndi zinzake. Mbewa za kumeneko ndi za mtundu wina, koma zimene anafotokozazo ndi zomwe zala zanga zinakhudza pakhonde panga.

Nanga kapuku wathu chomanga thupi amachipeza kuti? Mu mtedza ndi khobwe wotsalira m'mizere, mu njere za udzu, mu ziwala ndi chiswe. Ndiye taganizani, ife okumba timayamba ndi kutentha tchire kuti mauna aoneke. Inenso ndatenthapo kambirimbiri, sindikana. Moto umadya njere, umadya tizilombo, ndipo mbewa zopulumuka zimatsala palupsa popanda kanthu. Zikapanikizika zimalowera kunkhokwe ndi m'nyumba zathu, utitiri uli pamsana.

Musandimve molakwa, sindikuti tizidyetsa mbewa. Kapuku akakhuta amaswa ana opitirira khumi nthawi imodzi, ndipo alimi a mpunga ku Lifuwu akudziwa bwino ululu wake. Nkhawa yanga ndi yoti chaka chimene mbewa zili zofooka ndi zodzala tizilombo ndi chaka chomwecho chimene ife timazidya kwambiri, ana athu nawonso matupi ali ofooka ndi njala. Kapuku ndi mmodzi mwa mbewa zodziwika kuti zimasunga mliri wa makoswe umene umayenda ndi utitiri, ndipo mliri umenewu unavutitsa anzathu ku Nsanje mu 2002. Mbewa ikafa thupi n'kuzizira, utitiri umasamuka kufuna potentha, ndipo pafupi pamakhala dzanja la mwana woinyamulayo.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za kolera, za zimbudzi, za masikito, ndipo timayamika. Koma za mbewa sindinamvepo pamsonkhano wa mudzi ngakhale kamodzi, ngati kuti sitidya. Ndikupempha a zaumoyo ndi a wailesi za m'madera kuti chilimwe chisanafike alankhule momveka: mbewa yopezeka itafa yokha isatoledwe, zokumba ziziwawulidwa kumunda komweko zisanalowe m'thumba, matumbo azikwiriridwa osati kuponyera agalu ndi amphaka, mwana wa bala m'manja asatumbule, ndipo zizifutsidwa mpaka zipse. Mdzukulu wanga ndamuuza kale kuti chaka chino machesi asiye kunyumba, una aufune ndi maso monga ankachitira agogo anga.

Wokumba mbewa wakale,
Khombedza, Salima